Mkangano wa chisankho ku Ivory Coast (2010–2011)

Mkangano wa chisankho ku Ivory Coast unali kusamvana kwa ndale komwe kunasanduka nkhondo yapachiweniweni pakati pa Disembala 2010 ndi Epulo 2011. Unabuka pamene Laurent Gbagbo, yemwe anali pulezidenti kuyambira mu 2000, ndi Alassane Ouattara wa chipani chotsutsa boma, aliyense ananena kuti ndiye wapambana chisankho cha pa 28 Novembala 2010. Onse awiri analumbira tsiku limodzi, ndipo kwa miyezi inayi dzikolo linali ndi mapulezidenti awiri komanso maboma awiri mumzinda umodzi wa Abidjan. Anthu pafupifupi 3,000 anaphedwa, ndipo ena okwana pafupifupi miliyoni imodzi anathawa m'makomo mwawo. Mkanganowo unatha pa 11 Epulo 2011 pamene Gbagbo anagwidwa, ndege zankhondo za France ndi za bungwe la United Nations zitaphulitsa zida zozungulira nyumba yake.

Ngakhale kuti nkhani inali ya mavoti, gwero lake linali funso lomwe andale anakhala akulikoleza kwa zaka zoposa 15: kodi nzika yeniyeni ya Ivory Coast ndi ndani?

Koko, alendo ndi malo olima

Ivory Coast, yomwe dzina lake lovomerezeka ndi Côte d'Ivoire, ili kumadzulo kwa Africa ndipo inalandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa France pa 7 Ogasiti 1960. Muli mitundu ya anthu yoposa 60. Pakati ndi kummawa kuli a Baoulé ndi abale awo a gulu la Akan. Kumwera chakumadzulo kuli a Bété ndi a Guéré. Kumpoto kuli a Malinké, a Dioula ndi a Senufo, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu, pomwe kumwera kuli Akhristu ambiri.

Pulezidenti woyamba, Félix Houphouët-Boigny, anali wa mtundu wa Baoulé ndipo analamulira zaka 33. Chuma cha dziko anachimanga pa koko ndi khofi, mpaka Ivory Coast inakhala dziko lolima koko wambiri kuposa lina lililonse padziko lapansi. Minda ya koko imafuna manja ambiri, choncho Houphouët-Boigny anatsegula zitseko kwa anthu ochokera ku Burkina Faso, Mali ndi Guinea, komanso analimbikitsa anthu a kumpoto ndi a Baoulé kusamukira ku nkhalango za kumadzulo. Mfundo yake inali yakuti malo ndi a munthu amene akuwalima. Kalembera wa mu 1998 anapeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse m'dzikolo ankawerengedwa ngati mlendo, ngakhale kuti ambiri mwa iwo anabadwira momwemo.

Zinthu zinkayenda bwino mitengo ya koko ili pamwamba. Itagwa m'zaka za m'ma 1980, achinyamata omwe anasowa ntchito m'tauni anabwerera kumudzi n'kupeza malo a makolo awo ali m'manja mwa obwera. Apa ndi pomwe udani unayambira, andale asanaupatse dzina.

Houphouët-Boigny analinso bwenzi lalikulu la France. Pangano la chitetezo la mu 1961 linalola asilikali a France kukhala ndi kampu ku Port-Bouët, pafupi ndi bwalo la ndege la Abidjan, ndipo ndalama ya dzikolo, CFA franc, inamangiriridwa ku ndalama ya France.

Mfundo ya ivoirité

Houphouët-Boigny atamwalira pa 7 Disembala 1993, mpando unalimbiranidwa ndi anthu awiri: Henri Konan Bédié, sipikala wa nyumba ya malamulo yemwenso anali wa mtundu wa Baoulé, ndi Alassane Ouattara, nduna yayikulu, Msilamu wochokera ku banja la kumpoto yemwe anagwirapo ntchito ku IMF. Malamulo anakomera Bédié. Atakhala pampando, Bédié anatchukitsa mawu akuti ivoirité, omwe pachiyambi ankamveka ngati kunyadira chikhalidwe cha dziko, koma posakhalitsa anasanduka sefa yosiyanitsira nzika "zenizeni" ndi zokayikitsa. Lamulo la zisankho la mu 1994 linati wopikisana pa upulezidenti akhale wobadwa kwa bambo ndi mayi omwe onse ndi mbadwa za Ivory Coast. Aliyense ankadziwa kuti lamuloli lasokedwa pamuyeso wa munthu mmodzi. Ouattara anabadwira ku Dimbokro, pakati pa dzikolo, koma adani ake ankati bambo ake anali a ku Burkina Faso, komwe iye anaphunzira ali mnyamata.

Njira imeneyi si yachilendo mu Africa. Ku Zambia, kusintha kwa malamulo kwa mu 1996 kunatsekereza Kenneth Kaunda kupikisana nawo chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland. Koma ku Ivory Coast nkhaniyi siinathere pa munthu mmodzi. Maina monga Ouattara, Coulibaly, Traoré ndi Koné amapezeka mbali zonse za malire a kumpoto, monga momwe a Phiri ndi a Banda amapezekera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Munthu wa dzina lotere ankavutitsidwa pa malodibuloko a apolisi, ena ankalandidwa zitupa, ena ankakanizidwa kulembetsa m'kaundula wa mavoti. Anthu a kumpoto anayamba kuona kukanidwa kwa Ouattara ngati kukanidwa kwa iwo eni. Lamulo la malo la mu 1998, loti nzika zokha ndizo zingakhale eni malo akumudzi, linawonjezera mantha.

Pa 24 Disembala 1999 asilikali analanda boma n'kuika General Robert Guéï pampando. Iye analonjeza kusesa m'nyumba n'kuchoka, koma mpando unamukomera. Malamulo atsopano a dziko a mu 2000 anasunga mfundo ya makolo onse awiri, pambuyo pa mtsutso waukulu wa kamawu kamodzi: alembe kuti bambo "ndi" mayi, kapena bambo "kapena" mayi. Khoti linaletsa Ouattara ndi Bédié kupikisana nawo. Wandale wamkulu yemwe anatsala anali Laurent Gbagbo, wa mtundu wa Bété, mphunzitsi wa mbiri yakale yemwe analimbana ndi ulamuliro wa chipani chimodzi kwa zaka zambiri mpaka kumangidwa ndi kuthawira kunja. Guéï atafuna kudzilengeza wopambana, anthu anakhamukira m'misewu n'kumuthamangitsa, ndipo Gbagbo analumbira pa 26 Okutobala 2000. Otsatira Ouattara anafuna chisankho chatsopano, ziwawa zinabuka, ndipo mitembo 57 inapezeka itatayidwa ku Yopougon, dera lina la Abidjan. Ambiri mwa ophedwawo anali a kumpoto.

Dziko logawika pakati

Pa 19 Sepitembala 2002 asilikali ena, ambiri a kumpoto, anaukira boma. Analephera kulanda Abidjan koma anatenga Bouaké, Korhogo ndi theka lonse la kumpoto. Mtsogoleri wawo pa ndale anali Guillaume Soro, yemwe kale ankatsogolera bungwe la ophunzira. Soro ndi wa kumpoto koma ndi Mkatolika, zomwe zikusonyeza kuti kufotokoza nkhondoyi ngati ya Asilamu ndi Akhristu chabe n'kuiphweketsa mopitirira. Oukirawo, omwe pambuyo pake anadzitcha Forces Nouvelles, anakonzekera kuukira kwawo ali ku Burkina Faso, ndipo boma la Gbagbo linkaloza chala pulezidenti wa dzikolo, Blaise Compaoré.

France inatumiza asilikali pansi pa dzina lakuti Licorne, omwe anaima pakati pa mbali ziwirizi. Oukira ankati France yawatsekera njira yopita ku Abidjan. Gbagbo ankati France yakana kumuthandiza monga pangano la chitetezo linkanenera. Mu Novembala 2004 ndege za boma zinaphulitsa kampu ya France ku Bouaké n'kupha asilikali 9 a France ndi nzika imodzi ya America. France inabwezera powononga ndege zankhondo za Ivory Coast. Achinyamata otsatira Gbagbo, motsogozedwa ndi Charles Blé Goudé, anadzaza misewu ya Abidjan, asilikali a France anawombera khamu la anthu pafupi ndi Hôtel Ivoire, ndipo nzika za France zikwizikwi zinasamutsidwa. Kuchokera apo, kwa otsatira Gbagbo, nkhondoyi inali yomenyera ufulu wachiwiri kwa atsamunda. Komabe n'zodziwika kuti m'nthawi ya Gbagbo yemweyo kampani ya ku France ya Bolloré inapatsidwa doko la makontena la Abidjan, ndipo magetsi ndi madzi anakhalabe m'manja mwa kampani ya Bouygues.

Mapangano amtendere anasainidwa angapo. La ku Pretoria la mu 2005, lomwe mkhalapakati wake anali Thabo Mbeki, linachititsa kuti Gbagbo alole Ouattara kupikisana nawo, komanso linapempha United Nations kutengapo mbali pa chisankho. La ku Ouagadougou la mu Malichi 2007 linapatsa Soro udindo wa nduna yayikulu. Nthawi ya Gbagbo inatha mu 2005, koma chisankho chinkangoimitsidwa, makamaka chifukwa cha mkangano wa kaundula wa ovota, womwe unali mkangano womwe uja wa unzika. Oukira nawonso sanatule zida monga analonjezera.

Chisankho ndi zotsatira ziwiri

Gawo loyamba linachitika mwabata pa 31 Okutobala 2010, ndipo anthu oposa 80 pa 100 alionse olembetsa anavota. Gbagbo anapeza 38 peresenti, Ouattara 32 peresenti, Bédié 25 peresenti. Mapu a zotsatira anafanana kwambiri ndi mapu a mitundu: Ouattara kumpoto, Bédié m'madera a Baoulé, Gbagbo kumadzulo ndi kumwera, ngakhale kuti iye anapezanso mavoti ambiri kummawa ndi mu Abidjan, kunja kwa mtundu wake. Chodabwitsa chinali chakuti Bédié, mwini wake wa ivoirité, tsopano anali pamgwirizano ndi Ouattara ndipo anapempha omutsatira kuti amuvotere pa gawo lachiwiri la pa 28 Novembala.

Bungwe loyendetsa zisankho linali ndi masiku atatu oti lilengeze zotsatira. Pa 30 Novembala, mneneri wa bungweli akukonzekera kuwerenga zotsatira zina pamaso pa atolankhani, komishonala wa mbali ya Gbagbo, Damana Pickass, anamulanda mapepala n'kuwang'amba makamera akujambula. Nthawi yoikika inadutsa. Pa 2 Disembala wapampando wa bungweli, Youssouf Bakayoko, analengeza kuti Ouattara wapeza 54.1 peresenti ndipo Gbagbo 45.9 peresenti. Analengezera ku Golf Hotel, komwe kunali likulu la kampeni ya Ouattara, makomishonala anzake palibe. Malo amenewa anapatsa mbali ya Gbagbo chonena, ngakhale kuti ofesi ya bungweli inali itazingidwa ndi asilikali a boma.

Tsiku lotsatira, khoti loona za malamulo a dziko, Conseil constitutionnel, lomwe wapampando wake Paul Yao N'Dré anali mnzake wa Gbagbo pa ndale, linafafaniza mavoti a maboma asanu ndi awiri a kumpoto ndi pakati, kuphatikizapo Bouaké ndi Korhogo, ponena kuti kunali chinyengo ndi kuopseza anthu. Mavoti oposa theka la miliyoni atachotsedwa, Gbagbo anakhala ndi 51.45 peresenti. Mbali ya Gbagbo inkati khoti limeneli ndilo lili ndi mawu omaliza malinga ndi malamulo, ndiponso kuti chisankho sichingakhale chaufulu m'dera lomwe oukira akadali ndi mfuti. Mfundo yachiwiriyi inali ndi maziko. Koma lamulo la zisankho linkati khoti likapeza zolakwika zazikulu lithetse chisankho chonse n'kuitanitsa china, osati kusankha maboma oti achotsedwe mpaka masamu atembenuke. Kwa anthu a kumpoto, chigamulocho chinali ivoirité yomwe ija itavala mkanjo wa woweruza.

Panali mbali yachitatu yomwe sipezeka kawirikawiri pa zisankho za mu Africa. Potsatira mapangano amtendere, nthumwi ya United Nations, Choi Young-jin wa ku South Korea, inali ndi udindo wotsimikizira zotsatira. Ofesi yake inali ndi makope a mapepala a zotsatira ochokera m'malo ovotera pafupifupi 20,000. Choi ananena kuti ngakhale madandaulo onse a Gbagbo atavomerezedwa, Ouattara akanapambanabe. Pa 4 Disembala Gbagbo analumbira ku nyumba ya boma, Ouattara analumbira kudzera m'kalata ali ku Golf Hotel, ndipo Soro anatula pansi udindo wake m'boma la Gbagbo n'kukhala nduna yayikulu ya Ouattara.

Mayiko ena alowererapo

Bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa la ECOWAS, bungwe la African Union, United Nations, European Union, America ndi France onse anavomereza Ouattara. Gbagbo anali ndi asilikali, apolisi ndi wailesi yakanema ya boma. Ouattara anali ndi hotela yozingidwa, yotetezedwa ndi asilikali a United Nations, komwe chakudya chinkabwera pa helikopita.

Amkhalapakati anapita motsatizana: Mbeki, mapulezidenti a Benin, Sierra Leone ndi Cape Verde, kenaka Raila Odinga wa ku Kenya. Bingu wa Mutharika, pulezidenti wa Malawi yemwe anali wapampando wa African Union pa nthawiyo, anafika ku Abidjan kumapeto kwa Januwale 2011 n'kukumana ndi onse awiri. Palibe anaphula kanthu. Africa nayonso siinali ndi mawu amodzi. Nigeria inkakankha zoti Gbagbo achotsedwe ngakhale ndi mfuti, Ghana inakana kupereka asilikali, Angola inkamvera chisoni Gbagbo, ndipo South Africa inazengereza kwa nthawi. Gbagbo anapempha kuti mavoti awerengedwenso, koma Ouattara ndi United Nations anakana. Pa 10 Malichi African Union, italandira lipoti la gulu la mapulezidenti asanu, inatsimikiza kuti wopambana ndi Ouattara.

Nkhondo ya ndalama inapweteka kwambiri kuposa mawu a akazembe. Banki yayikulu ya mayiko ogwiritsa ntchito CFA franc kumadzulo kwa Africa, yomwe likulu lake lili ku Dakar, inasiya kuvomereza siginecha ya Gbagbo. European Union inaletsa sitima zake kuchita malonda ndi madoko a Abidjan ndi San Pedro. Mu Januwale Ouattara analamula kuti koko asatumizidwe kunja, makampani akuluakulu anamvera, ndipo mtengo wa koko padziko lonse unakwera kufika pomwe unali usanafikepo kwa zaka zoposa 30. Mu Febuluwale mabanki akuluakulu anatseka. Cholinga chinali choti Gbagbo alephere kulipira asilikali, koma ovutika oyamba anali alimi omwe koko wawo ankaunjikana m'nkhokwe, ndi odwala omwe ankasowa mankhwala.

Nkhondo

Mu Abidjan, asilikali a Gbagbo ndi magulu a achinyamata ankasaka anthu a kumpoto ndi ochokera m'mayiko oyandikana nawo. Pa malodibuloko, dzina la pachitupa kapena chovala cha Chisilamu chinali chokwanira kuti munthu aphedwe, ndipo ena anawotchedwa amoyo. Pa 3 Malichi 2011 amayi asanu ndi awiri anawomberedwa pa zionetsero ku Abobo, dera lomwe lili ndi otsatira Ouattara ambiri. Pa 17 Malichi mabomba anagwa pamsika wa komweko n'kupha anthu osachepera 25. Ku Abobo komweko kunalinso gulu la zida lodana ndi Gbagbo lomwe linkapha apolisi ndi anthu oganiziridwa kuti ndi a mbali ya boma.

Pa 28 Malichi asilikali a Soro, omwe Ouattara anali atawapatsa dzina latsopano lakuti FRCI, anayamba kutsikira kumwera. M'masiku anayi okha anatenga likulu la Yamoussoukro ndi doko la San Pedro n'kufika ku Abidjan. Kupha koopsa kwambiri kunachitikira ku Duékoué, kumadzulo, komwe mkangano wa malo pakati pa a Guéré ndi obwera unali wakale. Tauniyo itagwa, amuna a mtundu wa Guéré anasankhidwa n'kuphedwa ndi asilikali a mbali ya Ouattara pamodzi ndi alenje a chikhalidwe otchedwa dozo. Bungwe la Red Cross linati anthu osachepera 800 anafa. M'dera lomwelo, magulu a Gbagbo ndi asilikali aganyu ochokera ku Liberia anali atapha anthu a kumpoto ndi a ku Burkina Faso pothawa. Anthu oposa 150,000 anawolokera ku Liberia.

Pa 30 Malichi nthambi ya chitetezo ya United Nations inavomereza chigamulo nambala 1975, cholola asilikali ake kuletsa kugwiritsa ntchito zida zikuluzikulu pa anthu wamba. Kuyambira pa 4 Epulo mahelikopita a United Nations ndi a France anaphulitsa makampu a asilikali ndi zida za pa nyumba ya pulezidenti. FRCI payokha inalephera kulowa m'nyumbayo kwa sabata yathunthu. Pa 11 Epulo, akasinja a France atazinga deralo, asilikali a Ouattara analowa n'kutulutsa Gbagbo ndi mkazi wake Simone m'chipinda chapansi. France imati asilikali ake sanalowe m'nyumbamo. Otsatira Gbagbo amati mtsogoleri wawo anagwetsedwa ndi France, ndipo amakumbutsa kuti pulezidenti Nicolas Sarkozy anali bwenzi la Ouattara kuyambira kale. Mbeki analemba pambuyo pake kuti United Nations inasiya kukhala pakati n'kutenga mbali pankhondo. Zinthu ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi: umboni wambiri ukusonyeza kuti Ouattara anapambana mavoti, komanso sakanalowa m'nyumba ya boma pa nthawiyo popanda mfuti za dziko lomwe kale linali mtsamunda.

Mu Meyi, Yao N'Dré yemwe uja analengeza kuti Ouattara ndiye pulezidenti n'kumulumbiritsa. Mwambo waukulu unachitikira ku Yamoussoukro pa 21 Meyi, Sarkozy ali pomwepo. Chaka chomwecho Malawi inatumiza gulu la asilikali ake kukagwira ntchito yosungitsa mtendere pansi pa United Nations m'dzikolo.

Milandu ndi zomwe zinatsatira

Komiti yofufuza yomwe boma la Ouattara linakhazikitsa inawerenga anthu 3,248 ophedwa. Inati 1,452 anaphedwa ndi mbali ya Gbagbo ndipo 727 ndi FRCI. Koma pa nkhani ya milandu, sikelo inapendekera mbali imodzi. Gbagbo anatumizidwa ku khoti la ICC ku The Hague kumapeto kwa Novembala 2011, kukhala mtsogoleri wakale wa dziko woyamba kusungidwa ndi khotilo. Blé Goudé anamutsatira mu 2014. Simone Gbagbo anagamulidwa kwawo zaka 20 mu 2015, n'kukhululukidwa mu 2018 pamodzi ndi anthu ena pafupifupi 800. ICC siinazenge mlandu aliyense wa mbali ya Ouattara, ndipo akuluakulu ena a FRCI anakwezedwa maudindo. Pa 15 Januwale 2019 oweruza anamasula Gbagbo ndi Blé Goudé ponena kuti umboni wa oimira milandu unali wosakwanira. Chigamulocho chinatsimikizidwa mu Malichi 2021, ndipo Gbagbo anabwerera kwawo pa 17 Juni chaka chomwecho.

Chuma cha Ivory Coast chinakula mofulumira pansi pa Ouattara. Malamulo atsopano a dziko a mu 2016 anasintha kamawu kaja: tsopano ndi bambo "kapena" mayi. Ouattara anagwiritsa ntchito malamulo omwewo ponena kuti kuwerenga kwa materemu ake kwayambiranso, ndipo anapikisana kachitatu mu 2020, otsutsa atanyanyala, pa chisankho chomwe anthu oposa 80 anafa pa ziwawa. Soro anakangana naye, anathawira kunja ndipo anagamulidwa iye kulibe. Mu Febuluwale 2025 France inapereka kampu ya Port-Bouët m'manja mwa asilikali a Ivory Coast. Pa chisankho cha mu Okutobala 2025, chomwe Ouattara anapambana kachinayi, Gbagbo sanaloledwe kupikisana nawo chifukwa cha mlandu wokhudza ndalama za banki yayikulu ija. Tidjane Thiam, yemwe analowa m'malo mwa Bédié ngati mtsogoleri wa chipani cha PDCI, anachotsedwa m'kaundula wa ovota khoti litagamula kuti anataya unzika wa Ivory Coast pamene anatenga unzika wa France mu 1987.